Pemphero la Usiku wa Loweruka, Ndili ku Wisconsin

Abale ndi alongo, kuno ku America ndi 10 koloko usiku wa Loweruka, pomwe kwathuko tambala walira kale, ndi 5 koloko m'mamawa wa Lamulungu. Inu amene mwadzuka kukatunga madzi kapena kusita zovala za kutchalitchi, taimani pang'ono tipemphere limodzi. Mawa ndikaima pamaso pa mpingo wa abale athu kuno, ndipo tulo tandithawa.

Atate wathu wa Kumwamba, Inu wosagona, Inu wosawodzera, Inu amene mdima wa kuno ndi m'bandakucha wa kwathu mukuziona nthawi imodzi, landirani ulemu. Ndinu pothawirapo pathu ndi mphamvu yathu, monga tikawerengere mawa mu Salmo 46, kuno m'Chingerezi, kwathuko m'Chichewa. Ndinu amene munandinyamula pa bwalo la ndege la Kamuzu, kundidutsitsa Addis Ababa, Chicago, Minneapolis, mpaka kumidzi ya kuseri kwa Eau Claire, ine amene ulendo wanga wautali unali wa pa basi ya ku Karonga. Ndinu amene mu 1982 munayambitsa mpingo wathu wa Lutheran kudzera mwa anthu wamba, obwerera kwawo kuchokera ku ntchito ku Tanzania, opanda m'busa, opanda tchalitchi. Ndinu amene munatilumikiza ndi abale a sinodi ya Lutheran ya kuno, Northwest Synod of Wisconsin, anthu oti sitikanadziwana nawo mpaka imfa. Zonsezi ndi zanu, Ambuye, ife tilibepo nzeru.

Koma Atate, zimene mwandionetsa masiku ano zanditsitsa mapewa.

Tchalitchi limene mwanditumako ndi lamatabwa, lopakidwa utoto woyera, lili ndi nsanja yosongoka, ndipo analimanga ndi agogo awo amene anawoloka nyanja kuchokera ku Norway. Manda ali pambali pomwepo, maina ake ovuta kutchula. Mabenchi ndi osalala, okwana anthu mazana awiri. Lamulungu lapitali ndinawerenga mitu mobisa, monga timachitira akulu a mpingo, ndinapeza 34, ndipo yambiri ya imvi. Ku Sande sukulu kunali ana asanu. Asanu, Ambuye! Kwathu ana amadzaza pansi pa guwa, ena amasuzumira pawindo, timachita kuwaopseza ndi kakamtengo kuti akhale chete. Kuno mwana akalira m'tchalitchi agogo onse amatembenuka ndi kumwetulira ngati amva nyimbo. Mayi woimba limba zala zake zinapindika ndi nyamakazi, amayamba wazitenthetsa pa kapu ya khofi asanagunde. Akadzaleka iyeyo palibe womulowa m'malo.

Ndamva kuti pamene mpingo wawo waukulu wa Lutheran muno mu America, ELCA, unkakhazikitsidwa mu 1988 unali ndi anthu oposa 5 miliyoni, lero sakufika 3 miliyoni. Ndamva kuti mu 2004 Wisconsin inali ndi makola a ng'ombe za mkaka oposa 15,000, lero sakwana 6,000. Khola likatsekedwa banja limasamuka, ana amapita ku Minneapolis kapena ku Madison, sukulu ya pamudzi imachepa, benchi ina m'tchalitchi imatsala yopanda mwini. Inu mukudziwa dzina la aliyense amene ankakhala pa mabenchi amenewo. Musawaiwale, Ambuye. Musawataye. Limbitsani zotsalazo zimene zikufuna kufa, monga munauzira mpingo wa ku Sarde. Bango lophwanyika simulithyola, nyali yofuka simuizima, munanena ndinu, ndiye tikukugwirani pa mawu anu.

Tsopano ndisiye kunena kuti ife, ndinene kuti ine.

Ndikhululukireni, Atate. M'thumba la jekete imene anandibwereka kuno muli pepala lopindapinda. Pamwamba pake palembedwa malata a tchalitchi lathu ndi njinga ya mlaliki, zimenezo anandituma ndi mpingo ndipo sindichita nazo manyazi. Koma m'munsi mwake, ndi bolopeni ina, muli foni ya mlamu, laputopu ya mwana wanga woyamba, nsapato nambala 9, fizi ya temu ikubwerayi. Ndinakwera ndege ngati kazembe wa Khristu pakamwa, mumtima ndili Gehazi wothamangira galeta la Namani kufuna siliva ndi zovala ziwiri. Aliyense wondipatsa moni ndinkamuyeza: uyu akuoneka wabwino mtima, uyu ali ndi galimoto yatsopano, uyu ndimuuze liti? Ndinkaseka nawo ndikuwerengera. Ndachimwa m'maganizo, m'mawu ndi m'zochita. Khate la Gehazi musandipatse, Ambuye, ndichitireni chifundo.

Ndipo Inu mukudziwa kumene munandigwirira. Lachinayi abusa ananditenga kukapereka Mgonero ku nyumba yosungira okalamba. Tinalowa m'kachipinda ka gogo wina wa zaka za m'ma 90, wokhala pa njinga ya olumala, mmodzi wa amayi amene kwa zaka zambiri akhala akusoka zofunda za zigambazigamba m'chipinda cha pansi pa tchalitchi ndi kumazitumiza kumaiko. Pakhoma pake, pakati pa zithunzi za zidzukulu, panali chithunzi chofwifwa cha kwaya yathu. Kwaya yathu yomwe ija, itaima pakhomo pa tchalitchi lakale laudzu, malemu mayi anga ali mzere wachiwiri. Gogoyo analoza ndi chala chonjenjemera, natchula dzina la mudzi wathu molipotoza mpaka ndinatsala pang'ono kuseka, nati amatipempherera m'mawa uliwonse asanamwe mankhwala. Kenaka anandigwira dzanja nati ndimupempherere m'chinenero changa. Sanandifunse za malata. Anafuna pemphero.

Ndinayamba Atate wathu wa Kumwamba, mawu anandithera pa "mutipatse ife lero". Chifukwa ine, mkulu wa mpingo zaka 14, sindikumbukira tsiku limene ndinagwada kupempherera anthu amenewa. Kuwathokoza m'kalata, inde. Kuwavinira akabwera, inde. Koma kuwanyamula pamaso panu ngati anthu amene nawonso amadwala, amaika maliro, amasowa tulo chifukwa cha ana osochera, ayi.

Ndipo si ine ndekha, abale, tisanamizane pamaso pa Mulungu. Ndi kangati tafunsana kuti "azungu athu abwera liti?" ngati tikufunsa za galimoto yogawa chimanga? Tchalitchi timalizira alendo akatsala pang'ono kufika, akachoka akangaude amabwerera pamalo pawo. Kalata timalemba denga likasasuka. Lipoti la ndalama timachita kukumbutsidwa katatu, ndipo pomalemba timakangana kuti tibise chiyani. Ulendo ngati uno ukatuluka, anthu oti amadya Mgonero pa gome limodzi amasiya kupatsana moni. Pali ena kwathuko amene mpaka lero sanandikhululukire kuti dzina linatuluka ndi langa, ndipo inenso ndinayenda monyada masabata awiri. Ambuye, tichititseni manyazi, koma manyazi otibweza kwa Inu. Ubale uwu tausandutsa sitolo. Tikonzeni.

Pali chinanso chimene ndiyenera kuulula. Ino ndi nyengo yokolola kuno. Dzana mlimi wina wa mumpingo anandikweza m'makina ake okololera, aakulu ngati nyumba, odya mizere isanu ndi itatu nthawi imodzi, chimanga chikutuluka chotonola kale ngati madzi a pampopi. Ndinafunsa kuti chonsechi adya ndani. Anati ng'ombe, china akapangira mafuta a galimoto. Mtima wanga unawawa, Atate. Ndinakumbukira 2024, maboma 23 mwa 28 atalengezedwa kuti ali pa ngozi ya chilala, amayi akugona pamzere kudikira ndowa imodzi. Ndinakumbukira namondwe Freddy mu Malichi 2023, matope a phiri la Soche atakwirira nyumba ku Chilobwe, minda ya ku Mulanje ndi Phalombe itasanduka miyala. Ndinakufunsani mumtima kuti kodi munagawa bwanji? Yankho simunandipatse, ndipo sindinama kuti ndalipeza. Koma tikutsika, mlimi uja anandiuza kuti makinawo ndi angongole, kuti mwana wake sakufuna za ulimi, kuti munda wa agogo ake uthera pa iyeyo. Ananena akuyang'ana kumbali. Nsanje yanga inasowa pogwira. Mutonthozeni munthu ameneyu, Ambuye, inenso mundichiritse diso.

Mtumiki wanu Martin Luther atamwalira ku Eisleben mu 1546 anthu anapeza kapepala kamene iye analembapo kuti ndife opemphapempha, ndipo izi ndi zoona. Ine ndinkayesa opemphapempha ndife a kwathu okha. Mawa pa Mgonero ndidzatambasula manja pafupi ndi mlimi uja, pafupi ndi mayi wa limba, tonse manja opanda kanthu, ndipo mudzatipatsa mkate wofanana. Paulo ankalakalaka kufika ku Roma kuti iye ndi iwo akalimbikitsane, aliyense ndi chikhulupiriro cha mnzake. Ulendo uno ukhale wotero, Ambuye, ngakhale ndinauyamba molakwika. Amene anatola mana ambiri asatsale nawo, amene anatola pang'ono asaperewere.

Tsono tikuwapereka m'manja mwanu abale athuwa. Agwireni, Atate. Afungatireni. Abusa awo akutumikira mipingo itatu, Lamulungu lililonse amathamanga ndi galimoto kuchoka pa guwa lina kupita pa lina, ndipo posachedwa misewu iyamba kuterera ndi chisanu. Kwathu abusa amapalasa njinga kufikira mipingo yambiri chifukwa anthu achuluka, kuno akuthamanga chifukwa anthu achepa, koma kutopa ndi kumodzi. Apatseni mphamvu. Apatseni wina wowafunsa kuti mwadzuka bwanji. Lachiwiri akulu a mpingo akumana kukambirana za makina otenthetsera tchalitchi amene akalamba, ndipo ndamva m'manong'onong'o kuti ena akuti bola kutseka ndi kuphatikana ndi mpingo wa m'tauni. Andipempha kuti ndikatsegule ndi pemphero. Ine za makinawo sindizidziwa, koma ndikudziwa kupemphera pansi pa mtengo, ndikudziwa kuti mpingo wathu unakhalapo usanakhale ndi khoma. Ngati zimenezo zingawathandize, ndipatseni mpata ndizinene modzichepetsa. Ngati ndi nthawi yongokhala chete, tsekani pakamwa panga. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo komweko kamachekanso.

Ana asanu aja, Ambuye. Ndawaphunzitsa kolasi yathu imodzi ndi kuwomba m'manja, aimba mawa, Chichewa chake chokhotakhota. Akule m'ubatizo wawo. Asadzachite manyazi ndi dzina lanu. Achinyamata amene anachoka, amene amangobwera pa Khirisimasi ndi pa maliro, muwatsate kumene ali. Simeoni ndi Anna anadikira m'kachisi mpaka maso awo anaona, agogo awanso aone chipulumutso chanu pa zidzukulu zawo asanatseke maso.

Mukudziwanso kuti si zonse zimene timamvana ndi abale athuwa. Pali nkhani zimene tikaziyamba pa tebulo mpweya umalemera. Musalole kuti tizinamizana chifukwa choopa kutaya thandizo, musalolenso kuti tidane. Tiphunzitseni kunena zoona mwachikondi ndi kumverana mpaka munthu amalize.

Kwathu musakuiwale. Dzuwa la Okutobala likuotcha, anthu agalauza minda, maso ali kumwamba ndi ku mtengo wa feteleza. Tumizani mvula pa nthawi yake, yopanda mphepo yosasula. Mayi a kunyumba ndawasiya ndi ana ndi mbuzi yodwala, asungeni. Mlaliki amene akutsogolera mapemphero m'mawa uno ndi miyendo yotupa, mudalitseni. Ndipo ndikupempha, abale, lero pa mapemphero a mpingo wina aimirire atchule mpingo wa kuno, atchule gogo wa chithunzi uja, mlimi, mayi wa limba ndi abusa awo. Asapemphe kanthu kochokera kwa iwo. Angowapempherera basi.

Mawa guwa livala zofiira pokumbukira 31 Okutobala 1517, tsiku limene Luther anayamba ntchito yokonzanso mpingo, ndipo andipatsa mphindi khumi. Chingerezi changa ndi cha ku sekondale ya masana, ndikachita mantha chimathawiratu. Ikani mawu m'kamwa mwanga monga munachitira ndi Mose wachibwibwi. Siliva ndi golide ndilibe, ndabweretsa zitenje zinayi, tiyi wa ku Thyolo ndi mtanda wosema umene unathyoka mkono umodzi m'sutikesi, ndaumata ndi guluu. Chimene ndili nacho ndikapereke.

Pepala lija ndalitulutsa m'jekete. Za malata ndi njinga ndikazipereka poyera ku komiti yawo, pamodzi ndi lipoti lathu, monga anandituma. Za m'munsizo sindinazing'ambe, Atate, ndisanamize, fizi ija ikufunikadi ndipo sindikudziwa kumene itachokere. Ndangoliika pansi pa Baibulo pa tebulopa. Muliwerenge ndinu. Tsopano ndipatseniko tulo, ngakhale maola anayi.

M'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera. Amen.