Maganizo anga: makina omva mawu ayesedwe pamsika, osati m'chipinda chachete

Inu amene mukuchita PhD pa makina oyankha munthu akawalankhula, ndili ndi pempho. Musawayesere m'chipinda chachete cha ku yunivesite mokha ayi. Pitani nawo ku depoti ya Lilongwe kapena pamsika wa Nsungwi, pomwe oitanira minibasi akukuwa, chigayo chikulira, mphepo ikuwomba pa maikolofoni.

Pa makina otchuka oyankha mawu, Siri anabwera mu 2011, Alexa mu 2014, Google Assistant mu 2016, koma pa zinenero zimene atatuwa anawakonzera, Chichewa palibe. Gwero lake ndi kuchepa kwa mawu ojambulidwa. Whisper, pulogalamu yomva mawu ya kampani ya OpenAI, inaphunzira pa maola 680,000 a mawu ojambulidwa. Kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook, mu 2023 inafikira zinenero zoposa 1,100 podalira kwambiri mawu a anthu owerenga Baibulo. Ntchito yabwino, koma wowerenga Baibulo amatchula mawu mofatsa, pomwe mayi wofunsa mtengo wa feteleza amathamanga poopa kuti mayunitsi atha.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi muyezo. Ambiri amangowerenga mawu amene makina aphonya pa mawu 100 aliwonse, chomwe amati word error rate. M'Chichewa muyezowu umanamiza. "Mwana sakuyamwa" ndi "mwana akuyamwa" amasiyana ndi s yekha. Makina akaphonya s ameneyo, papepala ndi cholakwika chimodzi chaching'ono, koma mayi wa mwanayo wauzidwa kuti zonse zili bwino pamene anayenera kuthamangira kuchipatala. Mawu okana, mayina a mankhwala ndi manambala aziwerengedwa paokha. Ndipo funso lenileni ndi lakuti: kodi munthuyo wapeza chimene amafuna, ndipo wabwereza kangati?

Manambalawo ndi nkhani inanso. Pamsika simungamve wina akuti "zikwi ziwiri ndi mazana asanu", amati "thuu faifi". Makina ophunzitsidwa Chichewa cha m'buku amasokonekera pomwepo. Pali kukweza ndi kutsitsa mawu, kumene kumasiyanitsa mtengo wa m'munda ndi mtengo wa katundu. Palinso ulemu. Agogo sangayambe ndi funso, ayamba ndi "muli bwanji", n'kudikira kuti ayankhidwe. Makina ambiri akamva chete kwa pafupifupi sekondi imodzi amati munthu wamaliza, n'kumudula pakamwa. Wamkulu akadulidwa kawiri amaika foni pansi, ndiye wofufuza n'kulemba kuti okalamba sakonda luso latsopano, chonsecho cholakwa ndi makina. Nawo makinawo aziti "inu", asayerekeze kunena "iwe".

Njira yabwino yoyambira ndi imene akatswiri amaitcha Wizard of Oz: munthu amabisala kwina n'kumayankha ngati makina, inu mukulemba mmene anthu akufunsira, pamene akukakamira ndi pamene akusiya. Mukatero mudziwa choti mumange musanawononge ndalama. Pojambula gwiritsani ntchito foni zomwe anthu ali nazo, kuphatikizapo za mabatani, chifukwa mawu odutsa pa foni wamba amakhala a 8 kHz, kutanthauza kuti mbali ina ya mawuwo imatayika, pomwe makina ambiri anaphunzira pa mawu omveka bwino a 16 kHz, ndipo s uja ndi amene amayamba kuzimiririka. Amayi, abambo ndi okalamba zotsatira zawo ziikidwe padera, pakuti mukaziphatikiza, gulu limene makina sakulimva limabisika.

Sitikuyambira pansi. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, chinaonetsa kale kuti anthu amaimba foni kufunsa za umoyo akadziwa kuti amvedwa m'chinenero chawo. Kungoti mawu a munthu amamuulula ngakhale mutafufuta dzina lake. Chilolezo chipemphedwe pakamwa, m'Chichewa, musanatsegule chojambulira: mawuwo asungidwa kuti, adzawamva ndani, ndipo akafuna kuti afufutidwe auze yani. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 lilipo, ndipo kafukufuku wa PhD sali kunja kwake.