Chambo cha ku Monkey Bay chili kuti?

Ndatopa nazo! Munthu unyamuke ku Limbe m'mamawa kuti ukadye chambo chowotcha ku Monkey Bay, padoko pomwe Ilala imakocheza, n'kubwerera tsiku lomwelo. Minibasi siinyamuka mpaka idzaze, kondakitala akungoti "tikupita, bwana". Ku Zomba kuima, ku Liwonde kuima, ku Mangochi kusinthanso galimoto. Kufika dzuwa litapendeka, kumalo odyera akuti chambo chatha, kwatsala nkhuku ndi tchipisi. Nkhuku? Ku Ndirande yasowa?

Chambo chabwino chakwera kale magalimoto kupita m'tauni, chotsalacho mtengo wake ngati ukugula mbuzi. Nanga nsomba ichuluka bwanji pamene ena akukokolola timwana take ndi maneti a udzudzu? Zikundiwawa zedi, chifukwa ngakhale ana a asodzi eniake akudyera usipa basi.