Ana athu akutsetsereka pachipale, tiziwafunsa kuti pati

Makolo anzanga a kuno ku Salima amene muli ndi ana ku Norway, Canada, Switzerland ndi maiko ena ozizira, nkhani iyi ndi yanu. Nyengo yachisanu ikafika kumeneko zithunzi zimabwera motsatizana pa WhatsApp, mwana ali m'chijekete, kumapazi wamanga ma ski, matabwa otsetserekera pachipale, kumbuyo kwake phiri loyera mbee. Ife timangoyamika Mulungu n'kutumiza chithunzicho kwa azakhali ake. Ine ndikuti tisamalekere pomwepo. Tiziwafunsa kuti akutsetsereka pati.

Malo olipira aja, okhala ndi zingwe zokwezera anthu pamwamba, ali ndi antchito oyendera phiri m'mamawa, ndipo akaona chipale chokayikitsa amachigumula dala ndi mabomba asanatsegulire anthu. Vuto lili kunja kwa malire, kumene achinyamata amakonda chifukwa chipale chake n'chosapondedwa. Kumeneko kulibe wokuyang'anira. Kumapiri a ku Ulaya anthu pafupifupi 100 amafa chaka chilichonse atakwiririka ndi chipale chogumuka, ndipo pa ngozi 10 zilizonse, pafupifupi 9 amaziyambitsa ndi munthu mwiniyo kapena mnzake woyenda naye.

Chimene chimandiopsa n'chakuti ngoziyo sioneka ndi maso. Chipale sichigwa tsiku limodzi. Chigwa lero, mawa kuwala dzuwa, kenako usiku wozizira kolapitsa, sabata yamawa chigwanso china, motero chimasanjikizana. Usiku wopanda mitambo, pamwamba pake pamamera timiyala ta madzi oundana tosagwirana. Chipale chatsopano chikagwa, kapena mphepo ikachikokolola n'kukachiunjika kuseri kwa phiri, timiyala tija timatsalira pansi. Pamwamba polimba bwinobwino, pansi pofooka, ndipo pofookapo pamatha kukhala choncho masabata ambiri. Munthu mmodzi akangopondapo, pansi pamafwamphuka, mng'alu n'kuthamanga m'mbali, chigawo chonse cha phiri n'kuyamba kutsika naye. Pena amayamba wamva kaye kaphokoso kakuti "wumf" pansi pa mapazi, ndipo wodziwa akamva zimenezo amabwerera. Zambiri zimachitika pamalo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, komwenso ndi komwe otsetsereka amati n'kokoma.

Ife a kunyanja zimenezi siziyenera kutivuta kumva. Msodzi wa ku Senga Bay kapena ku Chipoka amadziwa kuti bata la m'mawa si umboni woti mwera subwera, ndipo a zanyengo akachenjeza pa wailesi, wanzeru amakokera bwato kumtunda. Kumapiri nako chenjezo limatuluka tsiku ndi tsiku nyengo yonse yachisanu. Ku Switzerland amalilemba a SLF, bungwe lofufuza za chipale, ku Davos, ku Norway lili pa tsamba la pa intaneti la Varsom, ku Canada ndi a Avalanche Canada. Kuyambira 1993 maiko a ku Ulaya amagwiritsa ntchito muyeso umodzi wa kuopsa kwa chipale, kuchokera pa 1 mpaka 5. Ndiye mvetsetsani apa. Pafupifupi theka la anthu amene amafa, amafa tsiku limene chenjezo lili pa 3. Pa 4 ndi 5 aliyense amachita mantha n'kukhala m'nyumba, koma 3 anthu amamuona ngati wapakatikati, makamaka dzuwa likawala.

Munthu akakwiririka sangadzifukule, chifukwa chipale chikaima chimalimba gwa, ngakhale mkono sutheka kuusuntha. Akamufukula m'mphindi 15 zoyambirira, pafupifupi 9 mwa anthu 10 amapezeka amoyo. Zikadutsa mphindi 35, amoyo amatsala pafupifupi mmodzi mwa atatu, ena onse mpweya utawathera. Helikoputa nthawi zambiri siifika msanga chotero. Wokupulumutsa ndi mnzako amene uli naye pomwepo, ndiye aliyense ayenera kuvala pathupi kachipangizo kotumiza siginolo kuti anzake amulondole, m'chikwama mukhale ndodo yotha kupindidwa yobayira m'chipale pofufuza wokwiririka ndi fosholo. Powoloka malo okayikitsa amadutsa mmodzimmodzi, ena akuyang'ana ali pabwino.

Mwana wathu wakulira kotentha kuno, chipale wachionera kuukulu. Anzake akati tiyeni kuseri uko, amachita manyazi kukana poopa kuoneka wamantha, mwinanso amangokhulupirira kuti eni dziko akudziwa. Ena mwa iwo sadziwa ayi. N'chifukwa chake mawu a kholo amafunika. Akaimba foni Lamlungu, mufunseni kuti chenjezo la tsikulo linali pa nambala yanji, ngati zida zitatu zija ali nazo, komanso ngati anaphunzirapo kuzigwiritsa ntchito, poti maphunziro a masiku awiri kapena atatu amapezeka m'maiko onsewa. Akadandaula kuti n'zodula, muuzeni kuti ndalama imene amati atumize mwezi uno agulire zidazo, za feteleza tikambirana mwezi wamawa.