Bala lapola, koma chala sichinachire

Ndakhala ndikufuna kulemba izi kuyambira mu Julaye, koma ndimadikira kuti mlongo wanga ayambe wachira.

Iye amakhala kumudzi cha ku Chadiza. Tsiku lina m'mawa anapita kukamweta udzu wofolera khitchini, dzanja lamanzere lili pa udzu, lamanja pa zenga. Zenga linaterereka n'kumucheka zala ziwiri zakumapeto, mbali ya kuchikhatho. Bala lake linali laling'ono ndithu. Anang'amba kansalu pa chitenje n'kumanga, ku kiliniki anamusoka khungu ndi kumubaya jekeseni ya kafumbata, tonse n'kuthokoza Mulungu kuti zachepa. Patatha sabata anandiimbira foni: "Achimwene, zala izi zikukana. Ndikafumbata, ziwirizi zikungotsala chilili."

Chinenero chathu chimatisocheretsa pang'ono pa nkhani iyi. Liwu loti mtsempha timatchulira zinthu zitatu. Pali wodutsa magazi. Pali womwe umatithandiza kumva kukhudza, uja ukaduka chala chimachita dzanzi. Ndiye pali uja woyera wolimba ngati chingwe, umene tili ana timaukoka pa phazi la nkhuku yophedwa, zala zake n'kumapindika ife tikuseka. Achipatala amautcha tendon. Munthu akamva zoti wadula mtsempha amaganiza za magazi, ndipo magazi akaleka amati basi zatha. Chonsecho chingwe chija chaduka mkati, chili chete.

Minofu yamphamvu yopinda zala ili pamkono, pakati pa chigongono ndi dzanja. Chala chilichonse chimakokedwa ndi zingwe ziwiri, chala chachikulu chimodzi, zonse pamodzi 9, ndipo zimadutsa m'tinjira tothina kwambiri. Chingwe chikaduka, mnofu umakoka mbali yake n'kuthawa nayo ngati mphira wa legeni. Nsonga ziwirizo sizingakumanenso zokha. Muthowe ndi madzi otentha, mupake mankhwala achikuda kapena a m'sitolo, mutemere mphini, palibe chomwe chingazilumikize. Pamafunika dokotala wa opaleshoni atsegule, azifunefune, azisoke. Ndipo masiku amawerengedwa: mkati mwa sabata imodzi kapena ziwiri ntchito imayenda bwino, koma pakadutsa masabata atatu kapena anayi mnofu umakhala utafupika, mwina mpaka atenge chingwe pamalo ena a thupi kuti alumikizire.

Choncho wina akachekeka ndi mpeni, galasi, lata kapena chikwanje, musangoyang'ana magazi. Gwirani chala pakati, muuzeni apinde nsonga yokha. Kenako apinde mfundo yapakati, kenako atambasule. Mufunseni ngati akumva mukamamukhudza m'mbali mwa chala. Chikakana chimodzi mwa izi, pemphani kalata yopitira ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo. Kuno kum'mawa kuli Chipata Central, kuli St Francis ku Katete, ndipo zikakula amatumiza ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500 womwe palibe amaufuna.

Mlongo wanga anamusoka zingwezo pa tsiku la 9 chivulalireni. Koma chimene chandilembetsa ndi zomwe zinatsatira titafika kunyumba.

Anatuluka ndi chikhakha kumbuyo kwa dzanja, choti avale usana ndi usiku masabata 6. Anamuuza kuti ntchito yolemetsa asaiyandikire mpaka atakwana masabata 12. Pakati pa zonsezi, ulusi wa pakhungu anachotsa patatha masabata awiri okha, bala litauma bwinobwino. Apa ndiye panayambira mavuto. Aliyense wobwera kudzazonda ankayang'ana kachipsera kaja n'kunena kuti, "Aa, mwachira amayi." Ena ankalankhulira kumbali kuti matenda anji osatha, si ulusi anachotsa kale? Iye mwini manyazi anamugwira. Nshawa zili pakhonde zosaswa, zovala za ana zaunjikana, mthiko wagwira mwamuna.

Zimene anthu sadziwa n'zakuti m'masabata atatu oyambirira chingwe chosokedwa chimakhala chofooka koposa, chikungodalira ulusi wa dokotala. Nthawi imene khungu likuoneka lopola ndi imenenso mkati muli pangozi. Kufinya chovala, kutakasa nsima yolimba, kunyamula mwana mwadzidzidzi, zonsezi zikhoza kuchidulanso. Pamzere wa ku physio, kumene amaphunzitsa masewero othandiza ziwalo kuyambanso kugwira ntchito, tinakumana ndi mayi wina amene chake chinaduka m'sabata yachinayi potula ndowa ya madzi. Anati anangomva kuti thu mkati mwa chala. Sanachite mwamwano, kunyumba kwake kunalibe womutungira. Anabwereranso ku opaleshoni, ndipo yachiwiri siikhala yophweka ngati yoyamba.

Komanso kungolisunga dzanja phee si nzeru. Chingwe chikakhala osasuntha chimamatirira ku kanjira kake, chala n'kuuma ngakhale dokotala anasoka mwaluso. N'chifukwa chake a physio amaphunzitsa timasewero toti uzichita kangapo pa tsiku uli m'chikhakha momwemo: kupinda zala zovulala pogwiritsa ntchito dzanja labwino, kuzitambasula mpaka zikhudze chikhakha, pambuyo pake kuzipinda zokha pang'onopang'ono popanda kugwira kanthu. Ndinkamuona mlongo wanga atakhala pa mphasa akuwerenga kakhumi, misozi ikulengeza. Wodutsa akanati akusewera ndi zala, pamene iye anali pa ntchito yaikulu kuposa kulima mzere.

Maganizo anga ndi akuti mayi akavulala dzanja, masabata 12 amenewa ndi ngongole ya banja lonse. Bambo akathyoka mwendo timamvetsa, chifukwa ndodo zikuoneka. Koma mayi wa kachipsera kakang'ono timamuyembekezera kumoto mawa lake, ndipo nthawi zambiri timachita izi posadziwa, osati mwankhanza. Ife tinachita kukhala pansi. Masabata atatu oyamba anakhala kwathu ku Kapata, mu Chipata, kuti asamaphonye masiku a kuchipatala, chifukwa ndalama yoyendera kuchokera ku Chadiza sabata ndi sabata ikanatigonjetsa. Atabwerera kumudzi tinatumiza mwana wa achemwali athu aakulu kukathandiza kutunga ndi kuchapa. Alamu anga ndiwalemekeze pano: anaphika miyezi itatu, anzawo akuwaseka kuti anawadyetsa, iwo osabwerera m'mbuyo. Apongozi ake, amene poyamba ankadandaula, ndi omwe anadzakhala olondera. Akangomuona akuyandikira mtondo ankakuwa ali pakhonde, "Siyani mpongozi, kuona maso a nkhono n'kudekha!"

Ndionjezepo za atsikana athu a netball. Mpira ukamenya nsonga ya chala n'kutsala yowerama osatheka kuwongoka yokha, chimenecho ndi chingwe chotambasula chathothoka. Kukoka chala kuti chibwerere sikuthandiza. Nthawi zambiri safunika opaleshoni, koma kachikhakha kosunga nsongayo mowongoka masabata 6 mpaka 8 osaipinda ngakhale kamodzi, apo ayi kuwerenga kumayambiranso.

Dzulo mlongo wanga wanditumizira chithunzi pa WhatsApp atafumbata chibakera. Chala chachinayi chikufika pachikhatho. Chaching'ono chikutsala pang'ono, mpata woti n'kulowetsapo pensulo, ndipo m'mawa kukazizira chimayamba chauma mpaka atachisisita ndi mafuta. A physio amuuza kuti asasiye masewero, chifukwa dzanja limapitiriza kusintha kwa miyezi ingapo. Khasu walinola kale, akungodikira mvula.