Mwandionongera pansi pa ngolo ndiye mukuti ndi oyilo chabe?

Lero ndakwiya ndipo sindibisa. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti sindilembalemba zamkwiyo pano, koma izi zandifika pakhosi.

Ndili ndi ngolo yotseka, ija yonyamulira galimoto, imene ndimakoka ndi pikapu kuno ku Johannesburg. Ndi imene imandidyetsa, ndi imene imalipirira ana fizi kumudzi. Imanyamula galimoto zimene eni ake safuna kuti zione fumbi, mvula kapena timiyala tapamsewu: zakalekale zija anthu amasunga ngati dzira, zina zopita ku mabwalo a mpikisano wa galimoto a Zwartkops ndi Kyalami, zina zoti ndikatule ku Durban. Lachisanu kunabwera mnzanga wina, wakwathu komweko. Amvekere, "Achimwene, tandibwerekani ngolo masiku awiri okha, pali galimoto yakufa ndikufuna ndikaitenge." Ndinamupatsa ndi mtima umodzi. Ndinamupatsanso thireyi yachitsulo yotchera oyilo, matabwa awiri oyala pansi pa jeke, ndi makatoni. Ndinamuuza maso ndi maso kuti galimoto isanalowe, yala kaye pansi. Anagwedeza mutu, "Musade nkhawa achimwene."

Mmawa uno ndatsitsa chitseko chakumbuyo, fungo lokhalo landibweza. Pakati pa ngolo pali chithaphwi cha oyilo wakuda bii, chachikulu ngati lichero. Chakutsogolo kumanja penti wakwinyika n'kutukusira ngati khungu lopsa ndi madzi otentha, pamene panadonthera mafuta a mabuleki. Mawilo achitsulo a jeke alemba mizere iwiri, akumba penti mpaka kufika pathabwa, ndipo oyilo uja watsata mizere yomweyo n'kulowa. Pa rampu, chitseko chakumbuyo chija chimene galimoto imakwererapo, ndiye musanene. Galimoto ija inali ndi tayala lakuphwa, anangoikoka choncho pa limu, ndiye pali ngalande kuyambira pansi mpaka pamwamba, chala changa chikulowa. Pamwamba pa zonsezi anathiramo madzi kuti ati atsuke, n'kutseka chitseko, ngolo n'kugona masiku awiri ili chinyowere.

Thireyi ija ndaipeza pakona, youma gwa, monga ndinamupatsira. Matabwa aja chingwe chake sanamasule n'komwe.

Ndamuimbira. Yankho lake ndi limene landilembetsa zonsezi. "Aaa achimwene, si oyilo chabe uyo? Tingopukuta ndi sanza. Pepani."

Oyilo chabe! Pepani sapoletsa chilonda.

Tamverani abale anga, makamaka inu amene muli ndi ngolo kapena mumabwereka za anzanu. Pansi pa ngolo pamatetezedwa galimoto isanalowe. Isanalowe! Osati italowa, osati itatuluka, osati mawa mukapeza nthawi. Oyilo akangolowa m'thabwa nkhani yatha. Pansi pa ngolo zambiri zoterezi si pasimenti, si pachitsulo, ndi thabwa la pulayiwudi la mamilimita 18 kapena kuposerapo pang'ono, timapepala ta mtengo tomatikizana ndi guluu. Limamwa oyilo ngati mmene mchenga umamwera madzi. Sanza imapukuta pamwamba pokha, walowa walowa. Ndipo thabwa lomwa oyilo silimvanso penti. Mupake lero, pakatha sabata zingapo aziyalulika ngati khungu la njoka, chifukwa alibe pogwira. Ndiye munthu n'kumandiuza kuti tingopukuta?

Mafuta a mabuleki ndiye woipitsitsa. Makaniko aliyense amadziwa kuti akangodonthera pa bodi ya galimoto umathamangira madzi nthawi yomweyo, chifukwa amadya penti. Nanga pansi pa ngolo yanga mumaganiza kuti achita chiyani, apanyambita? Asidi wa m'batire chimodzimodzi, amawotcha thabwa n'kulisiya lofewa. Galimoto yakufa imatha kudontha zonsezi nthawi imodzi. Amene wapita kukatenga galimoto yoteroyo akudziwa kale kuti idontha. Palibe chodzidzimutsa apa. Kuyala thireyi pansi pa injini ndi ntchito ya mphindi imodzi. Mphindi imodzi yokha, abale. Anaiona yochuluka.

Anthu ambiri akamaona ngolo amaona kunja. Zoyera mbee, magetsi akuyaka, malimu akuwala, dzina la bizinesi lolembedwa m'mbali. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makoma aja sanyamula kanthu, denga lija silinyamula kanthu, ntchito yawo ndi kutchinga mvula ndi maso a anthu basi. Chimene chimasenza galimoto ndi pansi. Galimoto ya tani imodzi ndi theka imaima pa malo anayi okha, aliwonse ngati chikhatho cha dzanja langali, ndiye kulemera konse kumathera pamenepo. Kenako muiyendetse makilomita opitirira 500 pa msewu wa N3 wopita ku Durban, muitsitse pa mtsetse wa Van Reenen mukugunda mabuleki, ikudumpha m'mabampu. Thabwa lamoyo limapirira zimenezo. Thabwa lomwa madzi ndi oyilo, lomwe timapepala take tayamba kulekana, tsiku lina lidzangoti phwa, tayala la galimoto ya kasitomala n'kutulukira pansi. Tsiku limenelo mudzamuuza chiyani mwini galimoto? Kuti anali oyilo chabe?

Ine ngolo imeneyi nditaigula sindinalowetsemo galimoto kwa sabata yathunthu. Ndalama ndinkaifuna, ngongole inalipo, makasitomala amaimba, koma ndinakana. M'mera m'poyamba. Ndinagwada ndekha ndi sandipepa kupala pansi ponse, kusesa, kupukuta fumbi. Ndinamata m'malumikiziro onse a matabwa ndi m'mphepete monse mmene thabwa limakumana ndi khoma, chifukwa pulayiwudi sayamba kuola pakati, amayambira m'mphepete momwe anadulidwa, ndi mmene madzi amalowera. Ndinalowa ngakhale kunsi kwa ngolo chagada kukapaka kumeneko, poti matayala a ngolo yomweyo amamwazira madzi ndi matope kunsiko ulendo wonse. Kenako penti wa epoxy, uja wosakaniza zitini ziwiri, kawiri konse. Pa rampu ndinawazapo mchenga wosefa penti asanaume kuti matayala ndi nsapato zizigwira. Ndiye ndinadikira kuti aume mpaka m'kati, osati kungouma pamwamba, chifukwa ukapupuluma, tayala lotentha lochokera pamsewu limamatirira n'kunyamuka naye penti yense. Mawondo anandipweteka masiku atatu. Zonsezo ndinachita kuti thabwa lisaone dontho la oyilo ngakhale limodzi. Zaka 3 ndakhala ndikunyamula galimoto za anthu, pansi pali ngati patebulo. Munthu wabwera, masiku awiri okha, wazithetsa.

Ndipo musandiuze kuti penti wanga anali wosalimba. Palibe penti padziko pano amene angapirire mawilo achitsulo a jeke atasenza galimoto. Timawilo tija n'tating'ono, kulemera konse kumathera pakamzere kopyapyala, kamadula ngati mpeni. N'chifukwa chake pamayalidwa thabwa kaye, jeke n'kuima pamwamba pake. Timiyendo tachitsulo tija totchinjirizira galimoto mukachotsa tayala, chimodzimodzi, timaboola. Yalani thabwa. Thabwa lachabechabe lotola pamalo omanga nyumba limakwana. Ine ndinamupatsa m'manja, lodula kale, lomanga kale ndi chingwe. Chinatsala n'chiyani, ndimuyalire ndekha?

Ena mwayamba kale kundilembera kuti bwanji sunaike labala, bwanji sunaike malata a aluminiyamu aja amadinda, bwanji sunapite nayo kwa aja amathira mphira kumbuyo kwa mapikapu. Zonsezo n'zabwino, ndipo amene ali ndi ndalama achite. Koma chilichonse chili ndi pofooka pake. Labala woyala ngati mkeka akalowa madzi kunsi sauma, thabwa limaola mwakachetechete iwe ukuona pamwamba pooneka bwino, ndipo labala wina akakumana ndi petulo amafufuma. Aluminiyamu akathiridwa oyilo ndi madzi amaterera ngati therere, ndipo bowo lililonse la bawuti limene waboola ndi khomo la madzi ngati sunalimate. Palibe chimene mungayale m'ngolo chimene chingalowe m'malo mwa munthu wosamala. Muike golide amene, wosasamala adzapeza pomuonongera.

Za rampu ndinene pazokha chifukwa ndi pamene pandiwawa kwambiri. Rampu ya ngolo yotseka ndi chitseko chomwecho. Masana ndi mlatho wa galimoto, usiku ndi chitseko chotchinga mvula ndi akuba. Ikatsika imakhudza dothi, miyala ndi matope. Ikatsegulidwa mvula ikugwa, ndi iyo imanyowa yoyamba, ndipo mvula yamadzulo ya kuno nthawi yotentha mukuidziwa mmene imakhuthukira. Ukaitseka, madzi onse amatsetsereka kupita kunsi, kumahinjesi, kumene kuli mphepete mwa thabwa. Ndiye munthu wandikumbira ngalande pamenepo, njira yeniyeni yoti madzi azitsata kulowa m'kati mwa thabwa. Rampu yomwa madzi imalemera, sipulingi ndi zingwe zake zothandiza kukweza zimayamba kuvutika, ndipo tsiku lina thabwa lidzathyoka galimoto ili pakatikati, kutsogolo kuli m'ngolo kumbuyo kuli pansi. Kodi kupopa tayala kunali kovuta? Kuika sipeya kunali kovuta? Ngakhale kuyala thabwa lija kuti limu iyende pamwamba pake? Ayi, anangomangirira chingwe n'kukoka, akumva ndi makutu ake chitsulo chikukukuta thabwa, osaima.

Ndikudziwa, ena amati anali pachangu, ena amati sanazolowere ngolo. Zimenezo ndi zawo.

Chimene chikundipweteka n'choti chinthu chikakhala cha mwini timachiona ngati chinagwa kumwamba. Tikabwereka timangoganiza za ntchito yathu kuti itheke, zotsala aona yekha mwiniwake. Munthu yemweyu galimoto yake salola mwana kudyeramo chimanga, mapazi amagwedeza kaye asanalowe. Koma m'ngolo yanga wasiya dambo la oyilo n'kugona tulo tabwino masiku awiri, osandiimbira n'komwe. Akanangoimba Loweruka lomwelo kuti achimwene kwatayika oyilo, ndikanamuuza kuti thira utuchi kapena mchenga wouma pompano, uupondeponde, usese, uthirenso wina, chitseko usiye chotsegula. Mwina tikanapulumutsa kena kake. Iye anasankha madzi. Madzi pa oyilo! Amangomumwaza kuti afike pamene sanafike, kenako madziwo n'kulowa m'ming'alu imene jeke anatsegula. Ngolo yanga yotsekayi ilibe potulukira chinyezi, ikatsekedwa yonyowa imakhala ngati mphika wovundikira. Ndapeza denga likuchita thukuta.

Tsopano ntchito yanga ya Lachitatu ndaibweza. Kasitomala amene ndakhala naye zaka ziwiri ndamuuza kuti apeze wina, chifukwa sindingalowetse galimoto yake yoyera m'khola limeneli kuti matayala akatuluke akudinda oyilo pabwalo la nyumba yake. Ndiyenera kumasula mabawuti, kuchotsa thabwa lathunthu lapansi la mamita 2.4, kugula lina, kumatanso, kupakanso, kudikiranso sabata. Rampu ndiyenera kuisenda yonse. Ndalama ya zipangizo ndi yanga, masiku osagwira ntchito ndi anga, manyazi kwa kasitomala ndi anga. Iye wapereka "pepani".

Ndiye ndikunena pano onse mumve, wachibale ndi wosakhala wachibale. Kuyambira lero ngolo yanga siituluka pageti popanda ine. Mukafuna, mundilembe ganyu, ndibwera ndekha, ndiyala ndekha, ndikweza ndekha. Mundinene kuti ndine woumira, kuti ndayamba kunyada, kuti ndaiwala kwathu. Nenani. Ndi inu nomwe mukadzamva kuti pansi pabooka galimoto ya munthu ili m'kati mudzayambe kufunsa kuti kodi sankaisamala bwanji. Inu amene mwagula kumene ngolo, musalowetse kanthu musanamate ndi kupaka. Inu amene mumabwereka, yalani pansi galimoto isanalowe. Mwakanika kuyala, musabwereke.

Komanso pali izi za malamba omangira galimoto. Ndapeza lamba wanga mmodzi atamangidwa pakachitsulo kam'khoma kopachikira zingwe, kakhoteratu, khoma lamkati lang'ambika. M'ngolo muli mphete zinayi zachitsulo pansi, zomangidwa ndi mabawuti odutsa mpaka pachitsulo cha chasisi, zoikidwa dala kuti zigwire galimoto. Zili poonekera, umachita kupunthwa nazo. Munthu wazidumpha zonse zinayi n'kukamangirira galimoto yathunthu kukhoma lopyapyala ngati chitini. Akanagunda mabuleki mwadzidzidzi pamsewu waukulu galimoto ija ikanathyola khoma lakutsogolo n'kumupeza iye mwini m'pikapu. Ndipo malamba ndinamupatsa anayi, abwera atatu.