Chenjezo kwa inu olemba mapulani a chitukuko

Wakutsina khutu ndi mnansi. Ana anga a m'maofesi a boma, khalidwe lolemba zolinga zopanda muyeso lilekeke.

Mumalemba kuti "tichepetsa umphawi". Kuchokera pati, kufika pati? Pofika chaka chiti, ndipo adzawerenge ndani? Osatchula poyambira ndi kudzikonzera pothawira, kuti tsiku lofunsidwa mudzangoti zinthu zikuyenda, popanda wokutsutsani.

Mu 2015 mayiko a United Nations anagwirizana zolinga 17 za chitukuko zoti zikwaniritsidwe pofika 2030, zokhala ndi mfundo 169. Inu mumangokopera zonsezo m'chikalata ngati mwana wobera mayeso, osadzifunsa kuti ndi ziti zimene dziko lanu lili ndi mphamvu yoziyeza.

Kumene mumandikwiyitsa kwambiri ndi pa maphunziro. Pansi pa zolinga 8 za m'mbuyomo, zimene zinayamba mu 2000, mayiko ankathamangira kuwerenga ana olembetsa sukulu. Ziwerengero zinakwera, nduna zinaombeledwa m'manja. Koma mu 2019 World Bank inapeza kuti ana 53 pa 100 alionse m'mayiko osauka ndi a chuma chapakatikati amafika zaka 10 asakutha kuwerenga nkhani yaifupi n'kuimvetsa. Munawerenga mitu ya ana m'kalasi, zimene zinalowa m'mituyo simunaziyeze. Mpaka pano ena mwa inu mukuwerengabe zipatala zomangidwa, osafunsa ngati muli mankhwala kapena namwino. Chomangidwa ndi chosavuta kuchijambula, n'chifukwa chake mumachikonda.

Za GDP, muyeso wa kukula kwa chuma cha dziko, nazo musatinamize. Chuma cha dziko chikhoza kukula pamene phindu lonse lagwera m'manja mwa anthu ochepa, nkhalango zatha, mitsinje yauma. Gawani ziwerengerozo: amayi paokha, akumudzi paokha, olumala paokha, tione amene watsala m'mbuyo.

Komanso samalani muyeso ukasintha. World Bank inakweza malire a umphawi wadzaoneni kuchoka pa madola 1.90 pa munthu patsiku kufika 2.15 mu 2022, kenako madola 3 mu 2025. Wofanizira chiwerengero cha muyeso wakale ndi cha watsopano osanena, akunama, ngakhale atavala suti.

Ndipo bajeti ikavuta, musayambire kudula ndalama za ofesi yowerengera anthu. Kalembera akachedwa, mumakonzera sukulu ndi zipatala anthu a zaka khumi zapitazo, pamene ana obadwa dzulo palibe anawalemba.