Asilikali a m'thupi sagulidwa m'botolo

Loweruka ndinakazonda azakhali anga ku Ndirande. Pathebulo panali mabotolo atatu a madzi obiriwira, akuti okweza chitetezo. Anagula kwa mnyamata wina amene amayenda nawo m'chikwama ku Limbe, ndipo ndalama yake ikanakwana nkhuku, mazira ndi usipa wa sabata ziwiri. Ndinawafunsa kuti, "Azakhali, kodi anakuyezani n'kupeza kuti chitetezo chatsika?" Iwo amvekere, "Iwe mwana, mpaka ndidikire chitsike?" Nkhaniyi yandikhala pamtima, ndiye ndiloleni ndilankhule, okwiya akwiye.

Mawu oti asilikali a m'thupi ambirife tinawamvera kuchipatala pa nkhani ya HIV. Amene anawapeka anaganiza bwino, koma ife tinangomva theka. Timayesa ndi gulu limodzi loti likachuluka ndiye kuti uli bwino, ngati mayunitsi a foni oti ukhoza kuwonjezera pa hokala. Sizili choncho.

Asilikaliwa amapangidwa mkati mwa mafupa, m'mafuta aja timayamwa tikamadya nyama. M'kadontho ka magazi kochepa ngati mutu wa phini, munthu wabwinobwino amakhala nawo pakati pa 4,000 ndi 11,000. Ochuluka kwambiri mwa iwo ndi ma neutrophil, oyamba kufika ukachekedwa ndi lata kapena kubayidwa ndi minga. Mitsempha ya pachilondapo imatakasuka kuti adutse, n'chifukwa chake pamatupa ndi kutentha. Akafika amameza tizilombo, ambiri n'kufera pomwepo. Mafinya amene timanyansidwa nawo aja, mbali yaikulu ndi mitembo ya asilikali amenewa. Pambuyo pawo pamabwera ma macrophage kudzasesa.

Ndipo nonse amene munakula mukusewera mpira wachikulunga opanda nsapato mukudziwa mwanabere. Chilonda chili kuphazi, koma chotupa chatulukira m'mphechepeche, ukuyenda motsimphina. Agogo ankachita nazo zawozawo, koma chimene chimachitika n'choti pamenepo pali kampu ya asilikali ena otchedwa ma lymphocyte. Uthenga wa mdani ukafika, amene akumudziwa mdaniyo amayamba kuswana mothamanga mpaka malowo kutupa. Ena mwa iwo amapanga ma antibody, timankhwala tomata kachilombo kamtundu umodzi wokha. Ena ndi ma CD4, amene ntchito yawo ndi kulamula anzawo. HIV inatisautsa chifukwa imalimbana ndi olamulawa. M'kadontho ka magazi konga kaja, munthu wathanzi amakhala ndi ma CD4 pakati pa 500 ndi 1,500, ndipo akatsika kufika pansi pa 200, TB ndi matenda ena amalowa ngati m'nyumba yopanda chitseko.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Mu 1995 anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa a Chisupe. Maliro sanaleke. Chimene chinadzutsa abale athu pamphasa ndi ma ARV amene boma linayamba kupereka ulere mu 2004. Ndiponso ma ARV sawonjezera asilikali ayi, amangoletsa kachilombo kuswana, thupi n'kumanga lokha gulu lake. Lero ndikamva wogulitsa mabotolo akunong'oneza munthu kuti akamwa zakezo akhoza kupumulako mapilitsi, ndimaona kuti ameneyo akukumba manda a mnzake.

Komanso kodi anatiuza ndani kuti kuchuluka kwa asilikali ndi thanzi? Dokotala akaona kuti akwera kwambiri pa zotsatira za magazi sakuombera m'manja, amayamba kufufuza matenda. Khansa ya m'magazi ndi asilikali oswana mopanda malire koma osagwira ntchito. Mphumu ndi chitetezo cholusira fumbi ndi mungu zomwe sizinalakwe. Botolo lija likanakhala kuti limakwezadi chitetezo mwachisawawa, ine ndikanaliopa.

Chimene asilikali amafuna ndi kumudziwa mdani asanafike, ndipo imeneyo ndi ntchito ya katemera. Amawaonetsa chidutswa cha kachilombo kapena kachilombo kofoola, iwo n'kusunga nkhope yake zaka zambiri. Chondiseketsa n'choti umboni wake uli ku Ndirande komweko. Kuyambira mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera wa tayifodi, ndipo zinapezeka kuti pa matenda 10 alionse amene akanagwira ana obayidwawo, pafupifupi 8 anapewedwa. Mu 2023 katemerayu anafika dziko lonse. Malawi ndi dziko limenenso linayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu 2019. Zonsezi n'zaulere, koma azakhali anga omwewo ndi amene ankakayikira kuti mdzukulu wawo akabayitse, ati sadziwa zimene anaikamo. Za m'botolo lopanda ndi dzina lomwe akuzidziwa?

Musandimve molakwa, zakudya zili ndi gawo lake. Mwana wonyentchera amagwidwa ndi matenda msanga chifukwa thupi lilibe zomangira asilikali. Nyemba, nsinjiro, usipa, mazira, bonongwe, zonsezi zimathandiza. Chammwamba ndimadya inenso, koma ngati ndiwo, chothyola kuseri kwa nyumba, osati chonyenga nacho anthu pa mtengo wa thumba la chimanga. Kugona mokwanira, kuchepetsa mowa ndi kusamala matenda a shuga kumathandizanso.

Azakhali anandimvetsera mpaka kumapeto, akusenda mbatata. Kenako anati mabotolowo amaliza kaye chifukwa ndalama inapita kale, ndipo sukulu yandiwononga. Ndinawasiyira thireyi ya mazira. Dzulo aimba foni kufunsa ngati katemera wa tayifodi uja akuperekabe kusikelo, ati akufunsira mnzawo.